Outlook kapena Thunderbird ikukana pasiwedi yolondola: mmene mungabwezeretsere imelo pa kompyuta

Mwayatsa kompyuta m'mawa mu ofesi pa boma la Salima, kapena pa loji ku Senga Bay kumene alendo amasungitsa zipinda kudzera pa imelo. Outlook yatulutsa kabokosi kofunsa pasiwedi. Mwalemba, kabokosi kabweranso. Mwalembanso mosamala, chilembo ndi chilembo, kabweranso. Nthawi yomweyo foni yalira: Google yatumiza uthenga wakuti "Critical security alert", kapena Microsoft yalemba kuti "Unusual sign-in activity". Koma mukalowa pa Chrome ndi pasiwedi yomweyo, makalata onse akuoneka bwinobwino.

Zikatero dziwani kuti pasiwedi yanu ilibe vuto. Chimene chakanidwa ndi njira imene pulogalamuyo ikulowera. Choncho lekani kulembanso, ndipo tsekani pulogalamuyo kaye. Ikakhala yotsegula imangoyesa yokha mobwerezabwereza, ndipo kuyesa kulikonse kolephera kumawonjezera chikaiko cha kampani ya imelo mpaka kutseka akaunti kwa kanthawi. Musathamangirenso kusintha pasiwedi. Ambiri amasintha katatu kanayi, mapeto ake foni, laputopu ndi sikana zonse zimasiya kugwira ntchito, vuto loyamba lija lili pomwepo.

Chifukwa chake akukukanani

Mapulogalamu akale a imelo amasunga pasiwedi yanu yeniyeni n'kumaitumiza kwa seva, kompyuta ya kampani ya imelo yosunga makalata anu, nthawi iliyonse akafuna kuona ngati kwabwera kalata. Seva ikalandira dzina ndi pasiwedi basi, ilibe njira yodziwira ngati ndinu kapena ndi wakuba amene anaipeza kwina. Singakufunseni nambala ya pa foni, chifukwa njira za IMAP, POP ndi SMTP, zimene mapulogalamuwa amakokera ndi kutumizira makalata, zinapangidwa zinthu zimenezi zisanabwere. Akuba anazindikira zimenezi n'kumalowera khomo lomwelo, ndiye makampani anaganiza zolitseka.

Yahoo inatseka mu Okutobala 2020. Google inachotsa batani la "Less secure apps" pa maakaunti wamba a Gmail pa 30 Meyi 2022, ndipo maakaunti a Google Workspace, amene mabungwe ambiri amagwiritsa ntchito, anatsatira mu 2025. Microsoft inayamba kutseka pa Exchange Online, imelo yake ya mabungwe, pa 1 Okutobala 2022, kenako pa 16 Seputembala 2024 inatsekanso pa Outlook.com, Hotmail ndi Live. Malangizo akale amene akali pa intaneti okuuzani kuti muyatse "Less secure apps" musataye nawo nthawi, batanilo kulibenso.

Njira imene ikuloledwa pano ndi OAuth2. Pulogalamu imatsegula kawindo ka Google kapena ka Microsoft, inu n'kulemba pasiwedi mmenemo, n'kuvomereza pa foni ngati afunsa. Ikatero kampaniyo imapatsa pulogalamu chiphaso chongolowera ku imelo, ngati chitupa chimene mlonda amapatsa mlendo pa geti. Pasiwedi yeniyeni sikhala m'pulogalamumo, ndipo chiphasocho mukhoza kuchilanda tsiku lililonse osakhudza zipangizo zina.

Yambani mwatsimikiza kuti amene akanidwayo ndinudi

Gawo ili musalidumphe ngakhale muli pa changu. Uthenga wa chenjezo ukhoza kukhala weniweni, ukhozanso kukhala msampha wa akuba amene amakopera maonekedwe ake mpaka mtundu wa batani. Weniweni wa Google umachokera ku no-reply@accounts.google.com, wa Microsoft ku account-security-noreply@accountprotection.microsoft.com, koma dzina la wotumiza limatha kunamiziridwa. Choncho musadine chilichonse m'kati mwa uthengawo. Tsegulani Chrome kapena Firefox, lembani nokha myaccount.google.com, pitani pa Security, muone pa "Recent security activity". A Microsoft lembani account.live.com/activity.

Onani zinthu zitatu: nthawi, chipangizo ndi malo. Nthawi ndiye yodalirika kwambiri. Ngati kukanidwako kunachitika 7:42 m'mawa ndipo ndi nthawi imene munayatsa kompyuta, ndinu. Malo asakuopseni msanga. Mukalumikiza kudzera pa Airtel kapena TNM, ndi MiFi kapena ndi foni, kampani ya imelo imaona adiresi ya netiweki osati pamene mwakhala, ndiye munthu ali pa Kamuzu Road ku Salima akhoza kulembedwa kuti ali ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Adiresiyo imasinthanso mukazimitsa ndi kuyatsa MiFi, kapena mukachoka pa netiweki ina kupita pa ina, ndipo kusinthasintha kumeneku pakokha kumatha kudzutsa chenjezo. Ngati pa kompyuta pali VPN, izimitseni, chifukwa imakuonetsani ngati muli dziko lina.

Mukatsimikiza kuti ndinu, dinani "Yes, it was me" pa Google kapena "This was me" pa Microsoft. Zimenezi zimachotsa chikaiko cha malo, koma sizitsegula khomo lakale lija. Pulogalamu ikadali yofunika kukonza.

Ngati nthawi ndi ya pakati pa usiku ofesi ili yotseka, kapena chipangizocho simuchidziwa, pamenepo ndiye sinthani pasiwedi nthawi yomweyo, ndipo tulutsani zipangizo zachilendo pa "Your devices". Mukatero lowani mu Settings ya Gmail muone "Forwarding and POP/IMAP" komanso "Filters and Blocked Addresses". Wakuba akalowa amakonda kusiya lamulo lotumiza makalata anu kwa iye kapena lobisa mayankho a makasitomala, ndipo lamulolo silichoka chifukwa choti mwasintha pasiwedi. Kwa a maloji ndi a mabizinesi amene amatumiza ma invoice, apa ndi pamene ndalama zimatayikira: wakuba amasintha nambala ya akaunti ya kubanki pa invoice, kasitomala n'kulipira kwina.

Werengani mawu enieni a kulephera

Kabokosi ka pasiwedi sikanena zambiri, koma mawu amene seva yabweza amalozera pamene pali vuto. "535-5.7.8 Username and Password not accepted" kapena "Invalid credentials" ndiye kuti Gmail yakana pasiwedi wamba. "534-5.7.9 Application-specific password required" ikukuuzani poyera kuti akaunti ili ndi 2-Step Verification, kutsimikiza kachiwiri pa foni mukalemba pasiwedi, ndipo pulogalamuyo ikufunika pasiwedi yakeyake. "Web login required" kapena "Please log in via your web browser" ikufuna kuti mulowe kaye pa Chrome, pa kompyuta yomweyo ndi netiweki yomweyo. Pa Outlook, 0x800CCC92 ndi kukanidwa kwa dzina kapena pasiwedi, pamene 0x800CCC0E nthawi zambiri ndi kulephera kufika kwa seva, nkhani ya port (nambala ya khomo lolowera pa seva), netiweki kapena antivirus. Jambulani mawuwa ndi foni musanatseke.

Kukonza Thunderbird

Iyi ndi yosavuta, ndipo simufunika kuchotsa akaunti. Pitani pa Account Settings, sankhani Server Settings pansi pa akaunti yanu. Pa "Connection security" ikani SSL/TLS, pa "Authentication method" chotsani "Normal password" muike OAuth2. Kenako tsikirani pansi penipeni pa mndandanda wa kumanzere, pa Outgoing Server, sankhani seva ya akauntiyo, dinani Edit, muikenso OAuth2. Malo achiwiriwa ndi amene anthu amaiwala, ndipo chizindikiro chake n'chakuti makalata akulowa koma otuluka akukanika.

Mukapanda kuona OAuth2 pa mndandanda, onani dzina la seva. Thunderbird imaionetsa pokhapokha dzinalo likhale limene ikulidziwa, monga imap.gmail.com, ndiye chilembo chimodzi cholakwika chimaibisa.

Tsopano pitani pa Settings, Privacy & Security. Tsimikizani kuti "Accept cookies from sites" yachongedwa, apo ayi kawindo ka Google kamangozungulira kapena kubwerera poyamba. Pomwepo tsegulani Saved Passwords, mufufute mizere yonse ya akauntiyo. Tsekani Thunderbird n'kuitsegulanso. Kawindo kolowera kabwera, lembani pasiwedi, vomerezani pa foni, dinani Allow.

Kukonza Outlook

Apa pakufunika kudekha, chifukwa ndi pamene anthu amatayira makalata a zaka zambiri. Yambani mwadziwa Outlook imene muli nayo: File, Office Account, About Outlook. Outlook ya Microsoft 365, ya 2021 ndi zina za 2019 ndi 2016 zimene zinalandira ma update zimatha kutsegula kawindo ka Google. Outlook 2007, 2010 ndi 2013 sizitha, ndipo palibe chimene mungasinthe m'kati mwake kuti zithe. Makompyuta ambiri ogula kale ogwiritsidwa ntchito amabwera ndi zimenezi.

Ngati yanu ndi yatsopano, njira yodalirika ndi kuchotsa akaunti n'kuiikanso. Koma musanatero pitani pa File, Account Settings, muone pa "Type" ngati palembedwa IMAP kapena POP. IMAP imasiya makalata pa seva, kompyuta imangosunga chithunzi chake. POP imawakokera pa kompyuta, ndipo ikhoza kukhala kuti inkawafufuta pa seva, kutanthauza kuti makalata anu onse ali m'fayilo imodzi ya .pst pa kompyuta yomweyo basi. Ngakhale pa IMAP, mafoda olembedwa "This computer only", amene nthawi zambiri amasunga Contacts ndi Calendar, amapita limodzi ndi akaunti mukaichotsa. Choncho sungani kaye: File, Open & Export, Import/Export, "Export to a file", sankhani Outlook Data File, chongani "Include subfolders", muike fayiloyo pa flash kapena pa hard drive yapadera. Onaninso mu Outbox, mukopere makalata amene anakanika kutuluka.

Mukasunga, chotsani akaunti, tsekani Outlook, tsegulani Credential Manager mu Control Panel, pa Windows Credentials mufufute mizere imene ili ndi adiresi ya imeloyo. Tsegulaninso Outlook, File, Add Account, lembani adiresi yokha, muisiye ipeze zina zonse yokha. Musasankhe zoika pamanja, chifukwa njira imeneyo ikhoza kukubwezerani ku pasiwedi wamba. Kawindo ka Google kakafika pofunsa chilolezo cha "Microsoft apps & services", chongani timabokosi tonse, makamaka kamene kakunena za kuwerenga, kulemba ndi kutumiza makalata. Mukakasiya kameneko, Outlook imaoneka ngati yalowa kenako n'kulephera.

Chinthu china chimene malangizo a kunja satchula ndi bandulo. Akaunti ikaikidwa mwatsopano imayamba kukoka makalata onse ndi zomata zake. Bokosi la zaka zisanu la loji, lodzaza ndi zithunzi ndi ma PDF, likhoza kumaliza bandulo ya mwezi tsiku limodzi. Pa Account Settings pali kotsetsereka ka "Mail to keep offline": kaikeni pa mwezi umodzi kapena itatu. Makalata akale sanafufutidwe, akadali pa seva ndipo mukhoza kuwaona pa Chrome. Pa Google Workspace palinso malire a 2,500 MB pa tsiku pokoka makalata ndi IMAP, ndipo mukawapyola akaunti imaimitsidwa kwa kanthawi, zimene munthu angaganize kuti vuto la pasiwedi labwerera.

Pulogalamu ikakhala yakale: App password

Iyi ndi njira yachiwiri, ya zipangizo zimene sizitha OAuth2: Outlook yakale, sikana kapena fotokopi yotumiza zikalata pa imelo, pulogalamu ya akaunti za ndalama yotumiza malisiti. App password ndi pasiwedi ya zilembo 16 imene Google imakupangirani kuti igwire ntchito pa chipangizo chimodzi.

Yatsani kaye 2-Step Verification pa Security, chifukwa popanda imeneyi tsamba lake silitseguka. Kenako lembani myaccount.google.com/apppasswords, perekani dzina lomveka monga "Outlook ya pa reception", dinani Create. Zilembo zioneka m'magulu anayi a zilembo zinayi, ndipo zimaoneka kamodzi kokha. Zilembeni mu pulogalamu pamalo pa pasiwedi yanu, popanda mipata, polandirira ndi potumizira pomwe. Musazilembe pa kapepala komata pa sikirini. Amene wapeza zilembo 16 zimenezi amawerenga makalata anu onse popanda kufunsidwa nambala ya pa foni.

Chipangizo chilichonse chikhale ndi yake. Laputopu ikabedwa mumangofufuta ya laputopuyo, sikana n'kupitiriza ntchito. Kumbukiraninso kuti mukasintha pasiwedi yaikulu ya Google, ma App password onse amafa nthawi yomweyo ndipo muyenera kupanga ena. N'chifukwa chake tinati musathamangire kusintha. Tsambalo likakuuzani kuti silikupezeka pa akaunti yanu pamene 2-Step Verification ndi yoyatsa, kawirikawiri ndiye kuti akauntiyo ndi ya kuntchito kapena ya kusukulu ndipo oyang'anira anatseka, kapena ili pa Advanced Protection, chitetezo chapadera cha Google.

Yahoo ili ndi njira yofanana, pa Account Security pali "Generate app password". Apple nayo imafuna "app-specific password" kuti iCloud Mail ilowe mu Outlook kapena Thunderbird. Koma a Hotmail ndi Outlook.com amene muli ndi Outlook 2010 kapena 2013, musavutike nazo: Microsoft ikufuna njira yatsopano basi. Ikani Thunderbird, ndi yaulere, kapena gwiritsani ntchito outlook.com pa Chrome. Pulogalamu ya Mail imene inkabwera ndi Windows 10 nayo Microsoft inasiya kuithandiza pa 31 Disembala 2024, ndipo Windows Live Mail inasiyidwa kale mu 2017.

Pulogalamu kapena chipangizo chikafuna kuti muike pamanja, maseva ndi nambala zake ndi izi. Gmail: imap.gmail.com pa port 993 ndi SSL/TLS, pop.gmail.com pa 995, smtp.gmail.com pa 465 ndi SSL/TLS kapena 587 ndi STARTTLS. Outlook.com: outlook.office365.com pa 993, smtp-mail.outlook.com pa 587 ndi STARTTLS. Yahoo: imap.mail.yahoo.com pa 993, smtp.mail.yahoo.com pa 465 kapena 587. iCloud: imap.mail.me.com pa 993, smtp.mail.me.com pa 587. Dzina lolowera likhale adiresi yonse. Mu Outlook yakale, pa More Settings, Outgoing Server, chongani "My outgoing server requires authentication". Port 25 isiyeni, makampani ambiri a intaneti amaitseka. Pa Gmail wamba IMAP ndi yoyatsa kale kuyambira Januwale 2025, koma pa Outlook.com lowani mu Settings, Mail, "Forwarding and IMAP" muone ngati mwalola mapulogalamu kuigwiritsa ntchito.

Zina zimene zimaoneka ngati kukanidwa

Yang'anani wotchi ya kompyuta pakona ya kumanja. M'kati mwa desktop muli kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, CR2032, kamene kamasunga tsiku ndi nthawi magetsi akazima. Kakatha mphamvu, magetsi akangothima n'kubwerera kompyuta imadzuka ili m'chaka china chakale. Ikatero imakana ziphaso za chitetezo za Google ndi Microsoft poganiza kuti nthawi yake sinakwane, kawindo kolowera n'kulephera kutseguka. Konzani pa Settings, Time & language: dera likhale "UTC+02:00 Harare, Pretoria", dinani "Sync now". Kabatireko kasintheni, n'kotchipa ndipo kamangotuluka mukakankha kachitsulo kokagwira, kompyuta itazimitsidwa ndi kuzulidwa kukhoma. Mukangokonza nthawi osasintha batire, vuto libwerera tsiku limene magetsi adzazimenso.

Kompyuta ya Windows 7 ili ndi vuto linanso. Ma seva a masiku ano amafuna njira yachitetezo yolumikizirana yotchedwa TLS 1.2 kapena kuposa, ndipo Outlook yakale pa Windows 7 yopanda ma update imalephera kugwirizana nawo. Thunderbird 115 ndi yomaliza kugwira pa Windows 7, ndipo ikhoza kukupulumutsani kwa kanthawi, koma Microsoft inasiya kuteteza Windows 7 mu Januwale 2020. Kompyuta yotere siyeneranso kusunga imelo ya bizinesi.

Antivirus ina imadziika pakati pa pulogalamu ndi seva kuti iunike makalata. Zimitsani mbali yake yoona za imelo kwa mphindi zochepa, muyesenso. Zikatheka mwapeza gwero. Ndipo mukaona "Too many simultaneous connections", dziwani kuti Gmail imalola maulumikizano a IMAP 15 okha nthawi imodzi pa akaunti, pamene pulogalamu imodzi imatha kutsegula angapo. Bokosi limodzi la bookings lotsegulidwa pa makompyuta atatu ndi mafoni anayi limafika pamalirewa msanga. Chotsani akauntiyo pa zipangizo zimene sizikuifuna.

Akaunti ikakhala ya kuntchito, yothera ndi dzina la bungwe lanu, mphamvu zambiri zili ndi a IT, amene mwina ali ku likulu ku Lilongwe. Akhoza kukhala kuti anatseka IMAP dala. Atumizireni chithunzi cha mawu a kulephera, nthawi yake, dzina ndi chaka cha pulogalamu, komanso netiweki imene munali. Ndi zinthu zinayi zimenezi amapeza msanga mzere wa kulowa kwanu m'kaundula wawo.

Nambala ya foni imene ili pa akaunti

Njira zonsezi zimadutsa pa foni, ndipo apa ndi pamene maofesi ambiri amakakamira. Akaunti inatsegulidwa ndi mlembi amene anachoka ntchito zaka ziwiri zapitazo, nambala yotsimikizira ikupita ku SIM kadi yake. Kapena SIM kadiyo inatayika, inakhalitsa osagwiritsidwa ntchito, kampani ya mafoni n'kupatsa wina nambalayo. Pamene mukadali olowa pa Chrome, tsegulani Security muone "Recovery phone" ndi "Recovery email". Zikhale za munthu amene alipo lero, ndipo pa akaunti ya ofesi muikepo nambala yachiwiri ya abwana.

SMS siyodalirika kumene netiweki imabwera n'kupita, monga m'madera ena a m'mbali mwa nyanja ndi kumidzi kutali ndi msewu wa M5. Ikani Google Authenticator kapena Microsoft Authenticator pa foni. Imapanga nambala yotsimikizira yosintha masekondi 30 aliwonse, osafuna netiweki kapena bandulo, bola wotchi ya foniyo ikhale yolondola. Tenganinso "Backup codes" pa tsamba la 2-Step Verification. Google imapereka nambala 10 za madijiti 8, iliyonse yogwira kamodzi. Zisindikizeni, muziike mu envulopu m'kabati yokhoma limodzi ndi mabuku a kubanki, osati m'foni yomweyo imene ikhoza kugwera m'madzi.

Pomaliza yesani mbali zonse ziwiri. Tumizani kalata kuchokera pa kompyuta kupita ku adiresi ina imene mungaione pa foni, muiyankhe kuchokera pa foniyo, muone ngati yankho lafika mu Inbox ndipo yoyamba ija ili mu Sent. Kenako zimitsani kompyuta ndi MiFi, muziyatsenso, mutsegule pulogalamu. Kabokosi ka pasiwedi kakabweranso pamenepa, ndiye kuti pasiwedi yakale yatsalira mu Saved Passwords kapena mu Credential Manager, ndipo mubwerere kukaifufuta.